Munda Umene Ndinalima Osatumidwa

Amayi, kumene muliko kwacha bwanji? Kuno kwacha bwino, kungoti kukuzizira. Ndine mwana wanu uja mumati Fanu mukakondwa, Fanuwelo yense wathunthu ndikaswa mbale. Ndikulemba ndili ku Hewe, m'boma la Rumphi. Musavutike kufunsa anzanu kumeneko kuti Hewe ndi kuti, pokhapokha ngati mwapezana ndi Mtumbuka. Ndi chigwa cha chimanga ndi fodya, kutali moti galimoto imatopera panjira, munthu n'kumalizitsa ulendo ndi njinga kapena miyendo.

Ndachedwa kukulemberani, ndikudziwa. Ndinkadikira kuti ndikhale ndi nkhani yoti mukaimva musagwire kumutu. Tsopano ilipo, ngakhale chapakati pake mugwirabe kumutu pang'ono.

Za mlandu uja sindibwereza. Munalipo m'khoti, munamva nokha za matumba a feteleza amene ndinanyamula pangolo, mwini katundu n'kuzimiririka apolisi atatulukira. Tsiku lomaliza kuonana munabwera kundende ndi chigumu chomanga m'kansalu, alonda n'kumachiboola ndi waya kuti aone ngati simunabisemo kanthu. Munawayang'ana n'kunena kuti, "Mukamaliza kuchiyeza mundiuze ngati chapsa." Kenako munatembenukira kwa ine: "Fanu, ukadzatuluka usadzayende mutu uli pansi ngati wataya singano." Pasanapite nthawi anatisankha ife odziwa khasu n'kutikweza lole yopita kumpoto, kukalima kumunda wa ndende. Phiri la Dedza ndinaliona likuchepa pakabowo ka tenti, mpaka msewu unakhota.

Ku Rumphi moyo unali khasu, mgaiwa ndi nyemba, basi. Chimene munthu amaphunzira msanga m'ndende ndi kunjuta. Ukangoona nsapato za bwana, mawondo amapinda okha, maso pansi, osadikira kuuzidwa. Pakati pa otiyang'anira panali a Sajeni Mbewe, a kwathu konko cha ku Linthipe, munthu wa mimba yaikulu ndi mawu aakulu, wokalipa tsiku lonse koma osamenyapo ngakhale ntchentche. Ndi iwowo amene anandiuza za maliro anu. Tinali m'dimba la kabichi. Anandiitanira pansi pa mtengo wa mango n'kuvula chipewa, ndipo ndinadziwa asanatsegule pakamwa, chifukwa bwana savulira chipewa mkaidi. Anandisiya pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, mbali yanga ya dimba n'kuthirira okha. Amayi, sindinaponye dothi pabokosi lanu. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero, ndipo n'chokhacho m'nkhani yonseyi chimene sindichiseka.

Tsiku lotuluka anandipatsa chikalata chokwerera basi mpaka ku Dedza, ndipo ndinakweradi. Koma titafika pa Njakwa, pamene mtsinje wa Rukuru umapanikizika pakati pa mapiri, ndinadzifunsa kuti kodi ndikupita kwa yani. M'nyumba mwanu anali atalowamo kale mchemwali wanga Esinati ndi mwamuna wake, monga mwa mwambo wathu, ndipo a malume Jekapu anali atatumiza mawu akuti mbava alibe nayo malo. Ndinagogoda chitseko cha minibasi n'kutsika. Kondakitala anati, "Achimwene, Dedza si pano." Ndinati ndikudziwa. Pomwepo panaima lole ya munthu wina wofuna anyamata omanga zigafa za fodya ku Hewe, ndipo ndinakwera, ulendo uno wopanda tenti.

Ku Hewe ndi kumene ndinakumana ndi mpongozi wanu. Dzina lake ndi Tawonga, mwana wa a Gondwe, ndipo anali ndi katiyirumu pamsika. Ine ndinkadya pamenepo kadyedwe ka kundende, mkono utazungulira mbale, kumeza osatafuna. Tsiku lina anaima patsogolo panga manja ali m'chiuno.

"Imwe a Phiri, sikonoyo siithawa yayi. Palibe akulandani. Idyani ngati munthu."

Ndinachita manyazi, koma mawa lake ndinabweranso, ndi mkuja womwe. Sabata isanathe ndinamuuza kumene ndachokera, kuti ngati n'kundithamangitsa andithamangitse ndisanazolowere tiyi wake. Iye anangoseka.

"Hewe yonse ikudziwa. Adada anakuonani pa boma mukutchetcha udzu mutavala zoyera, tsiku limene anapita kukalandira penshoni. Akuti mumatchetcha bwino chomene."

Adada akewo, a Gondwe, ndi mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito komanso mkulu wa mpingo, munthu wovala tayi ngakhale popita kukhola. Miyezi itapita, ine ndi Tawonga titagwirizana, anandiuza kuti, "Ngati mukunena zoona, tumizani thenga kwa adada." Thenga ndi munthu woyenda pakati, wonga ankhoswe kwathu, amene amakakupemphera mkazi. Ndinavomera ndi mutu. Kutacha iye ananyamuka kupita ku Phwezi kumene mkulu wake anali atangochira, kukamuthandiza mpaka khanda litalimba.

Apa ndi pamene inu mukulowa m'nkhaniyi, amayi, ndipo gawo lina la mlandu musenze ndinu. Mukukumbuka zimene munkandiuza tikamapalira? "Fanu, ukadzafuna mwana wa eni usadzapite ndi pakamwa. Abambo ako anabwera ndi pakamwa, taona mmene tikuvutikiramu. Udzapite ndi khasu, apongozi podzuka apeze mizere." Munkawonjezeranso kuti mkamwini waulemu saimirizana ndi apongozi panjira, amapatukira patchire mpaka adutse. Ndiye ndinaganiza kuti za thenga zibwera pambuyo. Mawu a munthu wochokera kundende ndi opepuka, koma mizere palibe angaitsutse.

Ndinafunsa pamsika kuti munda wa a Gondwe aphunzitsi ndi uti. Wokonza njinga analoza ndi sipanala kutsidya kwa kamtsinje, n'kuseka kuseka kwinakwake kumene ndikanakhala wanzeru ndikanakufunsa. Nditafika ndinapeza munda wabwino, nthaka yakuda bii, koma wangoti thithithi ndi nsenjere ndi zitsamba, zaka zingapo osaona khasu. Chisoni chinandigwira. Ndinati mumtima, mdalayu wakalamba, ana ake aamuna ali m'tauni, Mulungu wandisungira ine ntchitoyi.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti mundawo unali pamkangano. A Gondwe ankati ndi wawo, mng'ono wawo a Sayimoni ankati ndi wawo, ndipo akuluakulu a banja anali atalamula kuti pasapezeke woponyamo khasu mpaka nkhani itatha. Awiriwo sankayankhulana. M'tchalitchi wina ankakhala kumanja wina kumanzere, nyimbo imodzi aliyense n'kumaimba pa liwiro lake.

Ine ndinayamba kusosa, kenako kugalauza, kalimidwe ka kundende kosayang'ana dzuwa. Mmawa wina ndinamva kutsokomola. Potukula mutu ndinaona tayi ndi ndodo zikuwoloka kamtsinje. "Iwe! Ndiwe yani? Wakutuma ndani?" Ndinazindikira kuti ndi apongozi, ndipo mawu anu anandibwerera. Ndinaponya khasu n'kudumphira patchire. Tchirelo linali la chitedze, amayi. Ndinaima mmenemo mwaulemu wonse, ndikudzikanda ndi manja awiri, mpaka mdala anatopa kukuwa n'kubwerera. Tsiku lotsatira kunabwera a Sayimoni, nkhope yomweyo kungoti opanda tayi. Ndinati awanso ndi apongozi, n'kuthawanso, koma ulendo uno ndinasankha tchire lina.

Tsono taganizani mmene zinkaonekera kwa iwo. Mkaidi wodziwika, akulima munda wa mkangano, akaona mwini wake n'kuliyatsa liwiro. A Gondwe anauza akazi awo kuti Sayimoni walemba ganyu chigawenga kuti alande munda. A Sayimoni anauza anzawo onse a pabawo kuti mkulu wa mpingo, poopa kudetsa tayi, watuma mkaidi. Ndipo poti sankayankhulana, palibe anafunsa mnzake. Aliyense ankangobwera payekha kudzandisuzumira kuseri kwa nthochi, ine n'kumasangalala kuti akuyendera ntchito ya mkamwini.

Chimene chinandimaliza ndi thobwa. Tsiku lina lotentha ndinapeza kachigubu ka thobwa patsitsa, ndipo patali ndinaona amayi ake a Tawonga akubwerera. Mukudziwa kuti kwathu apongozi aakazi akakutumizira thobwa kumunda ndiye kuti mayeso wakhoza. Ndinamwa misozi ili m'maso. Pambuyo pake ndinadzamva kuti mayiwo anangoti Mkhristu sangaonerere munthu akukomoka ndi dzuwa, ngakhale akhale wantchito wa mdani. Koma ine, poona kuti ndalandiridwa, ndinabwereka chikombole n'kuyamba kuumba njerwa pachulu cha m'mphepete mwa munda, kuti nyumba ya chikamwini ikhale pafupi ndi makolo.

Njerwazo zinachita zimene abusa analephera kwa zaka. A Gondwe ndi a Sayimoni anapezana pakamtsinje, aliyense akuthamangira kukakalipira mnzake kuti kulima sikunakukwane, tsopano ukumanganso. Atakalipirana mpaka mawu kusasa, anazindikira kuti palibe mwa iwo amene anandituma. Madzulo ake anthu anawaona akuyenda limodzi, akugwirizana chimodzi: mkaidi wa ku Dedza wabwera kudzalanda nthaka ya a Gondwe.

Tawonga pobwera kuchokera ku Phwezi nkhaniyi anaimvera pamsika asanatule n'chikwama chomwe. Anandipeza ndikuyala njerwa padzuwa.

"Fanuwelo, mwachita vichi?"

Ndinamuonetsa mizere monyadira, ndi njerwa, n'kumuuzanso za thobwa. Anakhala pansi padothi n'kuseka mpaka misozi. Kuseka kunatha koma misozi inapitirira.

"Adada aitanitsa abale onse Loweruka kuti akuchotseni ku Hewe. Aimbiranso foni ku boma. Ine andiuza kuti akangomva kuti ndakupatsaninso tiyi, nditseke tiyirumu. Kuno mwamuna sakalima kwa apongozi ngati munthu wopanda kwawo. Amatumiza thenga, amapereka ng'ombe, n'kutenga mkazi kupita naye kwawo."

Ndinati, "Nanga amene alibedi kwawo?"

Pamenepo ndi pamene mantha anandigwira, amayi, oposa a tsiku la chigamulo. Kundende ndinkadziwa tsiku lotuluka. Koma ndikanachotsedwa ku Hewe, ndikanataya Tawonga, ndipo kunalibenso kwina kotsikira.

Ndinabwereka foni n'kuimbira a malume Jekapu kuti mwina abwere adzandiyankhulire. Anati, "Ukwati? Ndani angapereke mwana wake kwa mbava? Amako anafa iwe uli kodya nyemba zaulere." N'kudula. Musawakwiyire, amayi. Koma ngati muli ndi mpata wowayendera kutulo kamodzi kokha, ine sindikuletsani.

Munthu wamkulu wondidziwa kumpoto konse kuno anali mmodzi basi. Ndinapalasa njinga mpaka ku boma n'kukaima pachipata cha ndende chomwe ndinalumbira kuti sindidzachionanso. A Sajeni Mbewe atamva nkhani yonse anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Iwe Fanuwelo, boma lakulimitsa zaka zonsezi, watuluka ukufunabe? Chabwino. Loweruka ndibwera. Mwana wa kwathu sangakwatire ngati munthu wopanda omubala."

Tawonga ndinangomuuza kuti thenga wapezeka. Sindinamuuze kuti ndi ndani, chifukwa zinkandichititsa manyazi kuti m'bale wanga yekhayo ndi munthu amene ankanditsekera chitseko.

Loweruka linafika. Pakhonde pa a Gondwe panadzaza abale. A Gondwe ndi a Sayimoni anakhala pamipando yogundizana ngati sanayambanepo. Chapambali, pamphasa, panali mlongo wawo wamkulu, amene kuno amati ankhazi. Pa nkhani za ana aakazi mawu a ankhazi amalemera kuposa a bambo wobereka. Awa ndi mzamba wopuma pantchito, magalasi omanga ndi ulusi, ndipo tsiku limenelo ankangosenda mtedza m'lichero. Ine anandipatsa kampando pakati pa bwalo. Thenga wanga sankaoneka.

A Gondwe anaimirira, anakonza tayi, n'kuyamba kuyala milandu yanga mfundo ndi mfundo ngati akuphunzitsa sitandade eyiti. Ndinayesa kukweza dzanja, anati mafunso kumapeto. Ali pakati pofotokoza za njerwa, kunamveka njinga yamoto. Inaima pachipata, ndipo anatsika a Sajeni Mbewe atavala yunifolomu yonse, chipewa, lamba ndi nsapato zopukuta. Anali atachokera kuntchito, komanso anadzandiuza pambuyo pake kuti suti yawo inaleka kalekale kugwirizana ndi mimba.

Amayi, mutu wanga unkadziwa bwinobwino kuti akubwerayo ndi thenga wanga. Koma mawondo sanauzidwe. Ndinangozindikira ndatsika pampando, ndanjuta, mutu uli pansi, ndikufuna singano munandiletsa ija. A Mbewe nawonso chizolowezi chinawatsogolera. Anakuwa ndi mawu awo a kundende aja, "Fanuwelo Phiri!" Ine, "Bwana!"

Kukhitchini kunamveka beseni likugwa, ameneyo anali Tawonga. Aliyense anaona chinthu chimodzi: foni ya a Gondwe yagwira ntchito, boma labwera kudzatenga munthu wake.

Ankhazi anaika lichero pansi. Ndi okhawo padziko lapansi amene amaitana a Gondwe ndi dzina.

"Wakondwa sono, Edisoni? Munda walimika, munthu wamangika. Mawa ukatsogolere pemphero m'tchalitchi."

Ndinaona nsapato za a Gondwe zikubwera n'kuima patsogolo panga. Anayang'ana manja anga amene anali pamawondo, ong'aluka ndi khasu ndi dothi la njerwa. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatembenuka n'kuima pakati pa ine ndi a Mbewe, ndodo ili m'manja.

"Bwana ofesala, pepani mwavutika ulendo. Ine ndinangodandaula, sindinati mudzamutenge yayi. Kulima si mlandu. Munthu uyu..." Anandiloza ndi ndodo. "Munthu uyu ndinamutuma ndine. Munda ndi wanga, ndipo iyeyu ndi mwana wa pakhomo pano. Simumutenga."

Asanatseke pakamwa, a Sayimoni anadzambatuka mpando n'kugwa chagada.

"Bodza! Munda ndi wanga, ndipo ndinamutuma ndine! Bwana, lembani kuti Sayimoni Gondwe ndiye anamutuma!"

"Khala pansi iwe! Unamutuma liti?"

"Tsiku lomwe unamutuma iwelo, koma ine mmawa!"

Mkulu wa mpingo ndi mng'ono wake, amayi, kulimbirana bodza limodzi dzuwa likuswa mtengo. A Mbewe ankangotembenuza mutu uku ndi uku, kukamwa kuli yasa. Kenako anamvetsa. Anakweza dzanja n'kuvula chipewa. Nditaona chipewa chija chikutsika mtima wanga unadumpha, chifukwa ulendo womaliza kuchiona chikutsika unali pansi pa mango paja. Koma iwo anabwera pambali panga n'kunjuta nawo, mimba yonse ija, mawondo akulira.

"Makolo anga," anatero, "ine sindinabwere kudzatenga mwamuna. Ndabwera kudzapempha mkazi. Ndine thenga wa mnyamatayu. Ndakhala naye zaka, ndikumudziwa kudzuka kwake ndi kugona kwake kuposa mmene ambiri a inu mumadziwira ana anu. Akufuna mwana wanu Tawonga."

Ankhazi anaseka mpaka mtedza kumwazika, nkhuku n'kupezerapo mwayi. A Gondwe anakhala pampando pang'onopang'ono.

"Ndiye munda uja..."

"Chikamwini, bambo," anayankha a Mbewe. "Kwathu timafunsira ndi khasu."

"Nanga n'chifukwa chiyani unkathawa ukandiona?" Apa anafunsa ine.

Ndinati, "Ulemu, adada. Amayi anandiphunzitsa kuti mkamwini saima pamaso pa apongozi."

"Ulemu!" Anavula magalasi n'kuwapukuta. "Ulemu wa ku Dedza ukufanana chomene ndi kuba."

Kenako anakumbukira kuti ndi a Gondwe. Anakonza tayi n'kuyamba kuti komabe nkhaniyi ili ndi mbali zambiri, mbiri ya munthu, maphunziro, zakuti zakuti. Ankhazi anawadula.

"Wanena wekha pamaso pa boma kuti ndi mwana wa pakhomo pano. Ukufuna kunama kawiri tsiku limodzi? Muitaneni Tawonga, timve kwa mwini wake."

Tawonga anabwera n'kugwada, maso ali ofiira. Ankhazi anamufunsa ngati akundidziwa. Anati akundidziwa. Anamufunsa ngati akundifuna, uchitsiru wanga ndi zonse. Anati, "Enya, ankhazi," kutanthauza kuti inde. Nthawi yonseyi ine ndinali chinjutire. A Gondwe anaimirira, anandigwira pachigongono n'kundikweza.

"Imirira. Pakhomo pano timanjuta pokama ng'ombe basi."

Ndinaimirira, amayi, ndipo ndinawayang'ana kumaso. Ndikudziwa kuti si mmene munandiphunzitsira za apongozi, koma ndi mmene munandiuzira tsiku la chigumu lija.

Panatsala vuto limodzi. A Gondwe anati mwana wa Gondwe sakwatiwira pakhonde pa bambo ake, ayenera kutengedwa kupita kwa mwamuna. Ine kwathu kunalibe. Ankhazi ndi amene anamasula. Anafunsa a Gondwe ngati angalole kuti munda uja upite kwa Sayimoni. Anati bola afe. Anafunsa a Sayimoni ngati angalole kuti upite kwa Edisoni. Anati bola afe kawiri. Ndiye ankhazi anati poti nonse mwalumbira pamaso pa boma kuti munamutuma, alime yemweyo, amange pomwe waumba njerwapo, ndipo kutsidya kwa kamtsinjeko kuyambira lero ndi kwawo kwa mwamuna. Onse awiri anavomera, aliyense ali wotsimikiza kuti wapereka ndi iyeyo. Mpaka lero akakumana amakanganabe, koma tsopano amakangana za amene anandipatsa mowolowa manja kuposa mnzake.

Malowo anthu amawatchula kuti ku Dedza. Tsiku la ukwati azimayi anasenza katundu wa Tawonga, mapoto, mphasa ndi mtondo, n'kuwoloka kamtsinje akuimba. Amayi ake analira kuti mwana wanga wapita kutali ku Dedza, adzandiona liti. Madzulo omwewo anaima kutsidya n'kukuwa kuti awabwereke mchere.

Nkhani zina zapakhomo ndi izi. Chimanga chinachita bwino chaka choyamba, nthaka ija inali itapuma mokwanira pa nthawi ya mkangano. Chaka chatha mvula inadula pakati, koma nyemba zinatipulumutsa, ngakhale ine nyemba ndimadyabe mokakamizidwa. Fodya ndimalima pang'ono. Ng'ombe yoyamba ya malowolo ndinapereka nditagulitsa fodya ameneyo, ndipo ndinaigula masana, pamsika, ndikuyankhula mokweza kuti aliyense aone. Zotsalazo a Gondwe akuti palibe changu, ngongole ya malowolo ndi imene imasunga chibale. Anankafumbwe atilowera m'matumba awiri, ndipo galu wa a Sayimoni watha anapiye athu, koma iwo akuti galuyo amangoyendera malo amene anapereka. A Mbewe amabwera mwezi ndi mwezi kudzaona ngati banja likuyenda bwino, ndipo ulendo uliwonse nkhuku imodzi imachepa. Ndaleka kunjuta ndikawaona, kungoti bondo lamanzere limayambabe lokha, ine n'kulikalipira.

Esinati anaimba foni. Ali bwino, ali ndi ana atatu tsopano, ndipo mtengo wanu wa mapeyala ukubereka. Akuti a malume Jekapu, atamva kuti ndili ndi munda ndi nyumba ya malata, ayamba kunena kuti mwana wa mlongo wanga uja ndinkadziwa kuti adzakhala munthu. Kapena munawayenderadi?

Nkhani yaikulu ndaisungira kumapeto. Muli ndi mdzukulu kuno, wamkazi, wayamba kumene kuyenda. Anamulandira ndi ankhazi omwewo, ndipo akuti anatuluka akukalipa. Kuno dzina la mwana limachokera kuchimuna, ndiye onse anatembenukira kwa ine, poti kuchimuna konse ndine ndekha. Ndinamutcha dzina lanu. Vuto lake n'lakuti dzina lanu sindingalitchule, pakamwa pamakana, ndiye ndimangomuitana kuti amayi. Anthu odutsa amadabwa kumva bambo wandevu akuti, "Amayi, lavulani mwalawo. Amayi, musakoke mchira wa mbuzi." Akakwiya amandiyang'ana cham'mbali, ndendende mmene munawayang'anira alonda a chigumu aja, ndipo ine ndimangopepesa.

Ndimakusowani, amayi. Ndimakusowani kwambiri ndikakhala pakhonde madzulo, mizere ili patsogolo panga, popanda wondiuza kuti yakhota. Malangizo anu anandilowetsa m'chitedze, anatsala pang'ono kundithamangitsa m'boma lonse la Rumphi, koma ndi omwewo amene andipatsa mkazi, munda ndi mudzi. Mukanangowonjezera kuti ndiyambe ndafunsa mwini munda.

Tikakolola chaka chino tikubwera, ine, Tawonga ndi amayi aang'onowa. A Gondwe akuti nawonso abwera, akufuna akaone ndi maso awo dziko limene anthu amalemekezana pothawana. Ulendo uno pa Njakwa sinditsika. Ndidzalowa m'mudzi masana, mutu uli m'mwamba, ndidzapereka moni kwa a malume, kenako ndidzatenga khasu kukalambula pamanda panu. Dothi limene sindinaponye lija ndidzabwera nalo m'kansalu, lochokera m'munda mwanga. Pamenepo ndidzanjuta kamodzi, amayi, popanda wondilamula.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene anatuluka ndipo sanataye singano,

Fanu